Kuzula dzino si kuchiza chiseyeye

Nyengo ya nzimbe ikafika, mudzayang'ane zotafuna zimene anthu amalavula pasiteji ya minibasi kapena pansi pa mtengo kumsika. Zina mudzazipeza zofiira. Mwini wake amaona ndithu, koma amangopitiriza kutafuna. Mmawa potsuka m'kamwa thovu limatuluka ndi magazi, iye n'kunena kuti mswachi ndi umene uli wolimba. Chaka chimatha, zaka zisanu zimatha. Tsiku limene amakwera kabaza kupita kuchipatala ndi lija dzino layamba kugwedera ngati mzati wodyedwa ndi chiswe, ndipo akafika mawu ake amakhala amodzi: "Adokotala, ingochotsani."

Amachotsadi, ululu n'kuleka, munthu n'kubwerera kwawo akuthokoza. Koma nthenda imene yagwetsa dzinolo wabwerera nayo, ili pa mano ena onse otsala. Pakatha miyezi ingapo lina limayamba, kenako lina. Pa zaka zimene ndidagwira unamwino ndidaona amayi a zaka 35, ena ochepera apo, akuseka atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje chifukwa mano akutsogolo adatha. Ambiri mwa manowo adali abwinobwino, opanda bowo ngakhale limodzi. Chidawonongeka ndi pamene adaima.

Lero ndikufuna tikambirane zimenezi, makamaka ndi inu a maanja achichepere a kwa Nsamala ndi madera oyandikira, chifukwa pa msinkhu wanuwu ndi pamene nthendayi imagwirika.

Dzino silidabzalidwe m'nyama ayi. Muzu wake udakhazikika m'fupa la nsagwada, ndipo pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa tating'onoting'ono timene timalimanga ngati luzi. Nkhama, zimene ena amati usinini, n'chofunda chabe cha pamwamba. Tsiku lililonse pa mano pamayanga litsiro lofewa, loyera ngati phala, limene mukakanda ndi chikhadabo mmawa mumaliona. Achipatala amalitchula kuti plaque. Si zotsalira za nsima zokha. Ndi mudzi wathunthu wa tizilombo ta mabakiteriya. Likakhala masiku angapo osachotsedwa, mchere wa m'malovu umaliumitsa n'kusanduka mwala. Amayi amene mumaphitsa madzi a pamjigo mukudziwa zimene zimayanga pansi pa ketulo, zoti ngakhale mukweche bwanji ndi chinkhupule sizichoka. N'chimodzimodzi. Tengani galasi muyang'ane kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi, kumene lilime limagunda. Mukaona zachikasu kapena zoderako zitamatirira m'mphepete mwa nkhama, ndiye mwala ndikunenawo. Mswachi sungauchotse, mchere sungauchotse, makala sangauchotse.

Poyamba nkhama zimangofiira, kutupa pang'ono ndi kutuluka magazi zikakhudzidwa. Apa fupa limakhala lisadawonongeke, ndipo mano akayeretsedwa bwino nkhama zimabwerera mwakale pa sabata imodzi kapena ziwiri. Zikalekereredwa, kwa anthu ena nkhama zimayamba kumasuka pa dzino n'kusiya kathumba. Tizilombo timatsikira m'kathumbamo, mwala nawo umamera pa muzu penipeni, ndipo thupi polimbana ndi tizilomboto limagumula fupa lake lomwe. Fupa limeneli likapita silibwerera lokha. Mano amaoneka ngati atalika, amayamba kutalikirana, nyama imakakamira m'mipata imene kale kudalibe, m'kamwa mumanunkha ngakhale mwangotsuka kumene, mukasindikiza nkhama pamatuluka mafinya. Choipa cha nthendayi n'chakuti zonsezi zimachitika popanda ululu weniweni. Bowo la dzino limakugoneka chiimire, ndiye umathamanga. Chiseyeye chimadya mwakachetechete.

Akuluakulu amati chiseyeye chimadza chifukwa chosadya zipatso. Sadaname kwenikweni, pakuti munthu wosowa vitamini C kwa miyezi nkhama zake zimatulukadi magazi. Koma kuno kwa malambe, mango ndi bwemba, anthu ochuluka amene akutuluka magazi m'kamwa vuto lawo si limenelo. Ndi litsiro lija ndi mwala uja. Mukhoza kumwa madzi a mandimu mpaka mano kuchita dzanzi, mwalawo uli pomwepo. Ndipo si nthenda ya osauka okha kapena ya kumudzi kokha. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la chaka cha 2022 lidati pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse padziko lapansi ali ndi nthenda ya nkhama yofika poipa, anthu opitirira biliyoni imodzi.

Zimene amachita m'chipinda cha mano

Anthu ambiri amadziwa chipinda cha mano ngati kozulira basi, choncho ndifotokoze zimene zimayenera kuchitika munthu akapita ndi nkhama zodwala.

Choyamba amakufunsani za matenda ena ndi mankhwala amene mukumwa. Pamenepa musabise kanthu, ndipo tengani buku lanu la kuchipatala. Ngati muli oyembekezera, muli ndi shuga, BP, nthenda ya mtima, khunyu, mukumwa ma ARV kapena mankhwala opewetsa magazi kuundana monga warfarin, nenani. Kenako amatenga kachitsulo kowonda, kosasongoka, kokhala ndi timizere, n'kukalowetsa pang'onopang'ono pakati pa dzino ndi nkhama kuzungulira m'kamwa monse. Akuyeza kuya kwa timatumba tija. Nkhama zabwino kachitsuloko kamalowa mamilimita 1 mpaka 3. Kakalowa mamilimita 4 kapena 5 ndiye kuti nthenda yakhazikika, ndipo kuyambira 6 kupita m'tsogolo fupa ladyeka kwambiri. Amagwedezanso dzino lililonse kuti aone kulimba kwake. Kumene kuli makina ojambulira mano amajambula, kuti aone fupa latsala lochuluka bwanji.

Chithandizo chenicheni ndi kupala, kumene iwo amati scaling. Pali makina ena a kansonga konjenjemera mothamanga kwambiri, kotulutsa madzi, kamene kamaswa mwala uja n'kuutsuka. Kamalira mosasangalatsa m'makutu ndipo mano amachita tsemwe, koma sikaboola dzino. Kumene makinawo kulibe, kapena magetsi azima, ntchito yomweyo imagwirika ndi tizitsulo ta pamanja, kungoti imatenga nthawi. Ngati timatumba tili takuya, amafunika kutsika pansi pa nkhama n'kupala muzu weniweniwo. Apa amabaya jakisoni wa dzanzi, ndipo kawirikawiri sapala m'kamwa monse tsiku limodzi. Amatha kuchita mbali imodzi lero, mbali ina sabata yamawa. Ambiri amathawira pamenepa, atapalidwa theka, n'kumati ndachira.

Tsono pali mphekesera imene yagwetsa mano a anthu ambiri kuposa maswiti. Amati ukapalitsa mano amagwedera, amatalikirana, amawonda. Ndikumvetsa kumene idachokera. Munthu amene wakhala ndi mwala zaka khumi, mwalawo umadzaza mipata yonse n'kugwirizanitsa mano ngati simenti, pamene pansi fupa likutha. Akauchotsa, lilime limayamba kumva mipata, mano ena n'kumveka ogwedera, ndipo nkhama zikaphwa zimatsikako pang'ono. Munthuyo amati adokotala andiwononga. Ayi, mwana wanga, mipatayo idalipo kale, mwala ndi umene unkaibisa. Ukasadachotsedwa, tsiku lina mano atatu akadagwera limodzi ndi mwala wawo womwe. Kunena zoona, mano ambiri ogwedera pang'ono amalimbako pakatha masabata angapo kutupa kukatha. Kuzizira kwa madzi kumalasa kwa masiku angapo, mwina masabata awiri kapena atatu, kenako kumazilala.

Ena amaopa kuti zitsulozo zingawapatse kachilombo. Kuchipatala chovomerezeka zida zimatsukidwa n'kuphikidwa m'makina a nthunzi yotentha munthu wina asanakhale pampando, ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Amene muyenera kumuopa ndi uja wozula mano ndi pulayala kuseri kwa msika. Aliyense wogwira ntchito ya mano m'dziko muno ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo kuchipatala cholipira si mwano kufunsa chiphaso chake.

Nanga mankhwala? Apa ndiye ndili ndi dandaulo ndi ife tonse. Nkhama zikatupa timathamangira pa okala kukagula makapisozi anayi a amoxicillin, wina n'kuwonjezera Flagyl wotsala kwa mlamu wake. Kutupa kumaphwadi kwa sabata ziwiri, kenako kumabwerera, chifukwa tizilombo tabisala mu mwala momwe mankhwala salowa. Chimene mwapindula n'kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala, mwakuti tsiku limene mudzawafunedi sadzagwira ntchito. Achipatala amapereka mankhwala otere pokhapokha pali mafinya ofalikira, kutentha thupi, zilonda zodya nkhama, kapena nthenda yothamanga kwambiri mwa wachinyamata, ndipo amawapereka pamodzi ndi kupala, osati m'malo mwake. Kupsinya aspirin pa nkhama kumawotcha nyama n'kusiya chilonda choyera. Za mafuta a mabuleki ndi madzi a m'batire sindikufuna n'kuzitchula komwe. Ndidaonapo m'kamwa mwa munthu amene adayesa.

Pali mano ena amene sangapulumuke, fupa lidatha mpaka kunsonga ya muzu. Amenewo akanena kuti achotsedwe, musakane. Koma musanadzuke pampando funsani kuti, "Nanga otsalawa ali bwanji? Mudzandipala liti?" Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa munthu wotaya dzino limodzi ndi wotaya onse.

Kupalira kamodzi sikukolola

Mlimi aliyense akudziwa kuti ukapalira chimanga mu Disembala sukhala pansi mpaka kukolola. Udzu umameranso. Nthenda ya nkhama ikafika podya fupa imakhala ngati BP kapena shuga: siichoka kotheratu, koma imagonja ukamaiyang'anira. Akatha kupala amakuuzani kuti mubwerenso pakatha masabata 6 mpaka miyezi itatu, kuti ayezenso ndi kachitsulo kaja. Timatumba tambiri timakhala tatsekeka kapena tachepa. Tikapezeka tina takuyabe ndipo tikutulukabe magazi, amapalanso, kapena amakutumizani kuchipatala chachikulu kumene angathe kutsegula nkhama, kuyeretsa muzu akuuona ndi maso, n'kusoka. Zikakhazikika, mumayenera kumaonedwa miyezi itatu mpaka 6 iliyonse malinga ndi mmene nthenda idafikira, chifukwa tizilombo timadzazanso m'timatumba pakangotha miyezi iwiri kapena itatu. Amene nkhama zawo zidali zongotupa chabe, kamodzi pachaka n'kokwanira kwa ambiri.

Ulendo wachiwiriwu ndi umene umavuta. Palibe chikuwawa, ndalama ya thiransipoti ikufunika pa feteleza, ndiye munthu amati ndidzapita mwezi wamawa. Ine ndimati tsiku lobwerera lilembedwe m'buku la kuchipatala ndi dzanja la amene wakuonaniyo, ndipo mwamuna kapena mkazi wanu alidziwe. Tsiku la sikelo ya mwana sitiliiwala chifukwa lidalembedwa ndipo nyumba yonse imalidziwa.

Kwa inu oyembekezera

Mawu akuti mwana aliyense amatenga dzino limodzi la mayi wake ndidawamva kusikelo kosawerengeka, ndipo si oona. Mwana m'mimba sayamwa kanthu m'mano a mayi. Chimene chimachitika n'chakuti kusintha kwa m'thupi pa nthawi ya pakati kumachititsa nkhama kutupa msanga ngakhale litsiro lili lochepa. Onjezani mseru umene umapangitsa mayi kudana ndi mswachi, kusanza, ndi kutafunatafuna zotsekemera, ndiye mimba zinayi zotsatizana zimasiya m'kamwa muli bwinja. Ena amamera kachotupa kofiira pakati pa mano kamene kamatuluka magazi msanga. Kawirikawiri kamaphwa akachira, komabe kaonetseni.

Kupala mano munthu ali ndi pakati n'kololedwa ndipo sikuvulaza mwana. Jakisoni wa dzanzi nayenso alibe vuto. Nthawi yabwino ndi mwezi wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi, pamene mseru wachepa ndipo mimba siidalemere kwambiri pogona pampando, koma ngati pali mafinya kapena ululu musadikire mwezi uliwonse. Chimene muyenera kupewa n'kudzigulira mankhwala. Doxycycline ndi tetracycline amatha kudetsa mano a mwana amene akupangika, ndipo Brufen si wabwino makamaka mimba ikakula. Mukasanza, chukuchani ndi madzi, mudikire kanthawi musanatsuke ndi mswachi, chifukwa asidi wa m'mimba amafewetsa kunja kwa dzino.

Akafukufuku akhala akuona kuti amayi odwala nkhama kwambiri amachulukirapo pakati pa obereka masiku asanakwane. Kafukufuku wina wamkulu pa nkhaniyi adachitikira kwathu konkuno. Madokotala a Baylor College of Medicine ya ku America pamodzi ndi anzawo a m'dziko muno adatsatira amayi opitirira 10,000 m'zipatala 8 za m'dera la Lilongwe. Onse adaphunzitsidwa za kusamala m'kamwa, koma ena ankapatsidwanso chingamu wokhala ndi xylitol, chotsekemera chimene tizilombo ta m'kamwa sitidya. Zotsatira zimene adalengeza mu 2022 zidaonetsa kuti mwa amayi 100 otafuna chingamuyo, pafupifupi 13 adabereka masiku asanakwane, pamene kwa enawo adali pafupifupi 17. Nkhani yabwino, koma musathamangire pa okala. Chingamu wamba ndi wa shuga ndipo amaboola mano, ndipo ngakhale wa xylitol yemweyo sachotsa mwala. Chimene ine ndidatolapo n'chakuti m'kamwa mwa mayi woyembekezera ndi mofunika kuyang'anamo ngati mmene timayezera magazi ndi BP. Mukapita kusikelo nenani nokha kuti nkhama zikutuluka magazi, musadikire kufunsidwa.

Abambo, ndalama ya ulendo umenewu si ya zokongoletsa. Ndipo inu amene mumasuta, mverani. Fodya amafinya timitsempha ta m'nkhama, choncho wosuta satuluka magazi kwenikweni, n'kumadziona ngati ali bwino pamene fupa likutha mofulumira kuposa la anzake. Ngakhale apalidwe, nkhama zake zimachira movutikira. Agogo oika fodya wopera kuseri kwa mlomo nawo nkhama zimatsika pamalo pomwe amaikapo, ndipo chilonda cha m'kamwa chimene chatha masabata atatu osapola chionetsedwe msanga, chifukwa khansa imayamba motero.

Shuga ndi chiseyeye zimakokana. Shuga wokwera amachititsa nkhama kudwala msanga ndi kutupa mafinya kawirikawiri, ndipo nkhama zodwala nazo zimavutitsa kutsitsa shuga. Odwala shuga akapalidwa mano, shuga wawo amatsikako pang'ono. Munthu wa zaka za m'ma 30 kapena 40 amene mano akugwedera ambiri nthawi imodzi, akumva ludzu pafupipafupi ndi kukodzakodza usiku, ayezetse shuga. Mankhwala ena a BP monga nifedipine ndi amlodipine, komanso phenytoin wa khunyu, amatha kukulitsa nkhama mpaka kukwirira mano. Musasiye kumwa panokha. Auzeni amene adakulemberani kuti aone ngati angasinthe. Ndipo nkhama zikayamba mwadzidzidzi kuwawa kwambiri, kudyeka nsonga zake pakati pa mano, ndi fungo lowola, pitani tsiku lomwelo ndipo muyezetse magazi, chifukwa zimenezi zimakonda thupi limene chitetezo chatsika.

Za fungoli ndinenepo pang'ono, poti makalata ena amene amafika patsamba lino onena kuti mnzanga sakundiyandikira, gwero lake limakhala lomweli. Mwini fungo salimva. Mnzake amangotembenukira kukhoma, osanena, mpaka wina kuyamba kuganiza kuti kunja kuli chibwenzi. Nenani, koma osati pamaso pa ana kapena pakati pa mkangano. "Bambo a Chifundo, ndaona magazi pamswachi wanu, nanenso ndikufuna akandione, bwanji tipitire limodzi Lachiwiri?" Mawu otere sapsetsa mtima munthu. Ndipo chikondi chisafike pobwerekana mswachi. Aliyense wake, ana omwe.

Tipite kuti?

Mpaka chaka cha 1998 Balaka idali mbali ya boma la Machinga, ndipo mpaka lero anthu a kwa Nsamala amayenda mbali zonse ziwiri. Amene ali kufupi ndi tauni apite kuchipatala cha boma cha Balaka, pamene oyandikira mtsinje wa Shire mwina kwawo n'kwapafupi ku Liwonde, kumene kuli chipatala cha boma la Machinga. Mukhoza kuyambira pachipatala chaching'ono cha kwanu, kaya pa Kwitanda kaya pa Chiyendausiku, kuti akuoneni, akuyezeni shuga ndi BP ngati n'kotheka, n'kukulemberani kalata. Zovuta kwambiri zimatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

M'zipatala za m'maboma amene mumawapeza m'chipinda cha mano nthawi zambiri ndi ma dental therapist, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Kupala mano ndi ntchito imene adaiphunzira, musawaderere. Madokotala a mano a digiri akhala ochepa kwambiri kuyambira kale. Pofika 2019 dziko lonse lidali ndi osakwana 50, pamene kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 17 miliyoni, ndipo onsewo adakaphunzira kunja. Chaka chomwecho cha 2019 sukulu ya udokotala ya ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo gulu loyamba lidamaliza mu 2025. Mu 2022 boma lidakhazikitsanso ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa. Zinthu zikusuntha, koma pang'onopang'ono, ndipo pamzere mudzapezabe anthu ambiri ogwira tsaya.

Poti anthu a ululu ndi amene amadzaza benchi, inu amene simukumva kuwawa mukhoza kuuzidwa kuti mubwere tsiku lina. Musakhumudwe, ndipo musachoke chimanjamanja. Lawirirani mmawa, fotokozani momveka kuti, "Sindidabwere kudzazula. Nkhama zikutuluka magazi, ndikufuna mundiyeze ndi kundipala." Pemphani tsiku lenileni. Akakuuzani kuti zida zopalira palibe pakadali pano, funsani kumene zili, kaya ndi kuchipatala cha mishoni kaya cholipira, ndipo mufunsiretu mtengo musanakwere galimoto. Kupala kolipira kumaoneka kodula, koma yerekezani ndi mtengo wa mano oikirira.

Pano ndipatukeko pang'ono. M'madera ena a ku Liwonde ndi Ulongwe madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere wa fluoride wochuluka, ndipo ana okulira pa madzi otere mano awo amatuluka ndi mawanga oyera kapena ofiirira ngati dzimbiri. Amenewo si mwala ndipo si uve. Mtunduwo uli m'kati mwa dzino, kupala sikungauchotse, ndiye musamuzunze mwana pomukwecha ndi mchenga.

Ntchito ya kuchipatala imatenga ola limodzi kapena awiri. Masiku ena onse a chaka ali m'manja mwanu. Tsukani kawiri patsiku, ndipo ulendo wofunika kwambiri ndi wa usiku musanagone, umene ambiri timaudumpha. Mswachi ukhale wofewa, muupendeketse kuti ubweya wake ugunde pamene dzino lakumana ndi nkhama, muziyendetsa pang'onopang'ono dzino ndi dzino, kunja ndi m'kati, kwa mphindi ziwiri. Osati kukwecha ngati mukuchapa jini. Magazi akatuluka musasiye. Pamene pakutuluka magazipo ndi pamene pakufunika mswachi, ndipo mukalimbikira amachepa m'masiku owerengeka. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, mukatha mulavule osachukucha ndi madzi ambiri. Pakati pa mano mswachi sufika, ndipo nthenda imayambira pomwepo. M'mafamase muli ulusi wa mano ndi timiswachi tating'ono tolowa m'mipata. Kwa amene mipata idakula timiswachito ndi tabwino kuposa ulusi, ndipo pemphani akuonetseni kagwiritsidwe kake. Mapini, singano ndi waya ayi. Kamtengo kotsukira mano ka makolo athu ine sindikanyoza. Kakakhala katsopano, kotafunidwa bwino mpaka kufewa, ndipo munthu akudekha nako, kamachotsa litsiro ndithu, kungoti kuseri kwa mano a kumapeto kamafika movutikira. Makala, phulusa ndi mchenga zimayeretsa lero n'kuperepesa dzino ndi nkhama mpaka kalekale. Madzi ofunda a mchere pang'ono amatonthoza nkhama mukangopalidwa kumene. Akakupatsani mankhwala ochukuchira a chlorhexidine, tsatirani masiku amene anena, kawirikawiri osapitirira masabata awiri, chifukwa amadetsa mano ndi lilime.

Ana ayambe kutsukidwa dzino loyamba likangotuluka. Wosakwana zaka zitatu mankhwala akhale ongopaka ngati kanjere ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati njere ya nandolo, ndipo muzimuthandiza mpaka afike zaka 7 kapena 8. Mwana amene sangathe kumanga zingwe za nsapato sangathenso kutsuka mano ake bwino. Mwana wamng'ono wonyentchera, kapena amene wangodwala chikuku kapena malungo aakulu, akayamba zilonda pa nkhama, dovu ndi fungo loipa, musayese za mchere ndi madzi. Pali nthenda yotchedwa noma imene imayambira pa nkhama n'kudya tsaya m'masiku ochepa, ndipo mu Disembala 2023 WHO idaiika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Ikagwidwa ikadali pa nkhama imachizika ndi mankhwala wamba a kuchipatala. Chimodzimodzi wamkulu amene tsaya latupa mpaka kudiso kapena kukhosi, thupi likutentha, akulephera kuyasamula kapena kumeza, ameneyo sadikira kuti kuche.

Kwa ena nonse amene mwapalidwa ndipo mwauzidwa kuti muzibwera kawiri pachaka, sankhani miyezi imene mukudziwa kuti mudzakwanitsa. Kuno kwathu ulendo umodzi ukhale wa mu Juni kapena Julayi, thonje litagulitsidwa ndipo m'thumba muli kangachepe. Wina ukhale kumayambiriro kwa Disembala kapena kumapeto kwa Novembala, mvula isanadule misewu ya kumidzi ndi ntchito ya kumunda isanakugwireni miyendo.